Zithunzi Zinayi za Loweruka

Lolemba m'mawa Auxiliadora Potosme, amene tauni yonse ya Santa Eulalia inkangomutchula kuti Chilo, anapeza apolisi anayi pageti la chipatala, pamalo pamene masiku onse pankakhala mlonda mmodzi wokalamba ndi kawailesi kake. Anamuuza kuti atsegule chikwama. Mmodzi anavundukula kambale kake ka mpunga ndi nyemba, n'kununkhiza.

"Popanda ndi tchizi chomwe, mayi? Boma silikukulipirani kodi?"

Anzake anaseka. Chilo naye anaseka nawo, koma milomo yokha. Atalowa anapeza khonde lonse litakolopedwa ndi mankhwala onunkha aja, pansi pali mbee, ngati kuti Loweruka sipanagone munthu.

Chilo anali atagwira ntchito yojambula ekisireyi pachipatalapo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Makina ake anali akale, a filimu, ndipo zithunzi ankatsuka yekha m'kachipinda kamdima konunkha ngati viniga. Panalibe banja m'tauniyo limene sanalionepo mafupa. Zandale analibe nazo ntchito. Chimene ankayembekezera chinali zaka zitatu zimene zinatsala kuti apume.

Loweruka limenelo anali pa ntchito. Anthu anadzaza msewu kukana lamulo latsopano lodula penshoni ya okalamba. Panali agogo ndi ndodo zawo, ophunzira a kukoleji, amayi a mumsika, ena atanyamula mbendera, ena maambulera a dzuwa. Cha m'ma 3 koloko masana kunayamba kuphulika utsi wokhetsa misozi. Kenaka kunamveka kulira kwina, kouma, kamodzikamodzi, kochokera cha kubwalo la mpira. Pasanathe mphindi khumi lamulo linatsika kuchokera ku ofesi ya mkulu wa chipatala: geti litsekedwe, wa zionetsero aliyense asalandiridwe.

Anthu anafika ndi ovulala pa njinga zamoto, ena atawagoneka pa zitseko zozula, n'kumamenya getilo ndi manja. Chilo anaima pawindo akumvetsera. Sanaganize chilichonse chanzeru. Anangoona miyendo yamufikitsa kuseri kochapira zovala, kumene kunali kakhomo kotulutsira zinyalala, ndipo anakatsegula. Anamwino awiri ndi dokotala wina wachinyamata anamuthandiza. Analowetsa anthu khumi ndi mmodzi, ndipo onsewo Chilo anawajambula. Asanu ndi awiri anali othyoka manja ndi nthiti. Anayi anali ndi zipolopolo zenizeni: wina m'khosi, awiri pachifuwa, wina m'mutu. Wam'mutuyo anali Fanor Ñurinda, wometa tsitsi wa pafupi ndi msika, munthu wolongolola amene ankameta mwamuna wa Chilo mwezi ndi mwezi n'kumamuseka kuti akulipira zonse pamene tsitsi latsala theka. Anatsirizikira pa tebulo la ekisireyi pomwepo, filimu yake isanaume.

Tsono Lolembalo, asanavale n'komwe gawuni, foni ya m'chipinda chake inalira. Ankamufuna kumtunda.

Mu ofesi ya Dokotala Zeledón, mkulu wa chipatalacho, munali bambo wina amene Chilo sankamudziwa, wa malaya oyera osapisira, atakhala pakona akuseweretsa makiyi. Palibe amene anamutchula dzina.

"Doña Chilo, khalani pansi," anatero Dokotala Zeledón. "Msana uli bwanji?"

"Ulipo, adokotala."

"Loweruka kunali kachisokonezo. Zakuti anatsegula khomo lakuseri ndani, tiyeni tizisiye kaye. Ine ndikufuna mafilimu amene munajambula tsikulo. Onse. Akufunika kulikulu."

"Mafilimu amakhala m'mafayilo a odwala, adokotala."

"Anthu amenewo mafayilo alibe. Sanagonekedwe kuno."

Chilo anacheukira bambo wa makiyi uja, n'kupeza maso ake ali kale pa iye.

"Munajambula anthu angati?" anafunsa bamboyo. Mawu ake anali ofatsa ngati a wansembe.

"Khumi ndi mmodzi."

"Aliyense kangati?"

Wojambula aliyense amadziwa kuti chipolopolo sachijambula kamodzi. Umajambula chakutsogolo, kenaka cham'mbali, kuti udziwe pamene chakhala. Anayi aja anawajambula kawiri aliyense, ndipo Dokotala Zeledón sakanalephera kudziwa zimenezo.

"Kamodzi," anatero Chilo. "Mafilimu akusowa. Ndinalemba kalata mwezi watha, adokotala akudziwa."

Dokotala Zeledón anayang'ana pa tebulo nthawi yaitali, akugubuduza cholembera ndi chala.

"N'zoona, analemba," anatero potsiriza. "Kabweretseni."

Chilo anatsika masitepe. Sankadziwa kuti wanamiranji. Bodzalo linangotuluka lokha ngati chifuwa. Anakapereka mafilimu khumi ndi imodzi m'envulopu yaikulu. Anayi otsalawo, am'mbali, amene pakona pake panali dzina la munthu, tsiku ndi ola, anawalowetsa m'envulopu ya mayi wina amene anamwalira ndi chifuwa chachikulu zaka zisanu zapitazo, n'kuibwezera pashelefu pakati pa zinzake.

Masana, ali pakati pa kudya, wina anagogoda. Anali Yelba, mkazi wa Fanor, atavala bulauzi yakuda yobwereka imene inkamukulira. M'manja anali ndi pepala lopindapinda.

"Doña Chilo, akuti ndi inu munali naye."

"Lowa msanga, tseka chitseko."

"Kumochale akukana kundipatsa mtembo. Akuti ndisaine kaye apa." Anatambasula pepalalo. Linali lolembedwa kale pa makina, lonena kuti Fanor Ñurinda anagwa pa njinga yamoto n'kumenyetsa mutu, ndiponso kuti banja silidzakadandaula kwina kulikonse. "Fanor njinga yamoto anaikwerapo liti? Ndi yakapalasa yomwe ankaiopa. Inu munaona chiyani, Doña Chilo? Ingondiuzani."

Pakhonde panadutsa nsapato zolemera. Zinaima pang'ono pakhomopo, n'kupitirira. Chilo anayang'ana pansi.

"Ine ndimangojambula, mwanawe. Zowerenga zithunzi n'za madokotala."

"Koma maso muli nawo."

"Saina, ukamuike mwamuna wako. Kukutenthaku, ndipo masiku awiri akwana kale."

Yelba anamuyang'ana, osalira, osatukwana. Anapinda pepala lake bwinobwino n'kutuluka. Chilo anavundikira kambale kake. Chakudya sichinalowenso.

Lachiwiri kunamveka kuti dokotala wachinyamata uja amugwira kunyumba kwake akumwa khofi, ndipo palibe amene ankadziwa kumene ali. Amuna awiri osavala yunifomu anayamba kufufuza m'chipinda cha mafayilo, shelefu ndi shelefu. Mmodzi wa anamwino aja, akunamizira kufunsa za wodwala, ananong'oneza Chilo kuti akamaliza kumeneko abwera ku ekisireyi.

Kuwotcha mafilimu sikukanatheka, poti filimu ikamapsa imanunkha chipatala chonse. Kuwadula tizidutswa n'kuwataya m'chimbudzi kunali kotheka, ndipo sizasi anaigwiradi m'manja. Anatulutsa ya Fanor n'kuikweza pa galasi lounikira. Chibade chinaoneka bwinobwino, mano onse ali ndandanda, limodzi lomatidwa ndi chitsulo. Kumunsi, pafupi ndi khosi, panali kanthu koyera mbee, kosongoka. Kuchokera pamwamba pa mutu mpaka pamenepo panali mzere wa tizitsulo tating'ono ngati mchenga. Chilo anabweza sizasi m'dirowa.

Chifukwa cha zaka zonyamula odwala, iye ankavala lamba wamkulu wa msana, wa nsalu yolimba, ndipo aliyense pachipatalapo ankamudziwa naye. Anadzitsekera m'kachipinda kamdima, anakulunga mafilimu anayiwo m'thawulo lopyapyala, anawazunguliza pamimba ndi m'nthiti, n'kumanga lambayo pamwamba. Kupuma kunkavuta. Akawerama pang'ono, filimu inkalira kuti phwa.

Pageti anapeza wapolisi yemwe uja wonunkhiza chakudya.

"Lero ndiye mwawongoka bwanji, mayi, ngati msilikali pa perete?"

"Msana, mwanangu. Ukadzakula udzauona."

Wapolisiyo anapisa dzanja m'chikwama, anatulutsa kolona yopempherera, n'kuibwezamo. Kenaka maso ake anatsikira pa lamba amene ankaonekera m'kati mwa bulauzi. Chilo anamva thukuta likutsetsereka pansi pa thawulo. Anayesa kukumbukira pemphero lililonse, koma m'mutu munali zii.

"Amayi anga alinso ndi wotere," anatero wapolisiyo. "Akuti sathandiza. Pitani."

Kunyumba anapeza mwamuna wake Nicasio ali pakhonde pamene ankasokera nsapato, timisomali tili kukamwa. Anamukokera m'nyumba, anatseka mawindo kunja kukadali kowala, n'kumasula lamba. Nicasio anakweza filimu imodzi kubabu n'kuwerenga dzina pakona. Analavulira timisomali tija m'dzanja.

"Chilo, wapenga?"

"Mwina."

"Ukudziwa chimene wabweretsa m'nyumba muno?"

"Ndi Fanor uyu, Nicasio. Wakumeta zaka khumi."

"Fanor ndikumudziwa! Ndinali kumanda m'mawa uno iwe uli ku ntchito. Tamuika chothamanga, njinga zamoto zikuzungulira mpanda, wansembe akudumpha mapemphero ena. Wapita ameneyo. Ife tikadali pano. Akakuchotsa ntchito, jakisoni wanga wa shuga tizikamutenga kuti? Kutchalitchi?"

Jakisoniyo Nicasio ankalandira chifukwa cha khadi la ntchito ya mkazi wake.

"Bweretsa ndiwotche ine," anatero Nicasio, mawu atatsika. "Pambaula, kuseriku, pompano. Iwe usaone."

"Ndipatse mpaka Lachinayi."

"Lachinayi kuli chiyani?"

Nicasio ankadziwa bwinobwino chimene chinali Lachinayi, poti tauni yonse inkanong'ona. Alendo a bungwe la mayiko loona za ufulu wa anthu, amene boma linawalola kulowa m'dziko monyinyirika, ankabwera kudzakhala pa holo ya parishi tsiku limodzi lokha, kumva aliyense wofuna kulankhula.

"Alendo!" Nicasio anaseka mowawidwa. "Adzalemba m'timabuku tawo, adzadya nyama yowotcha kuhotela, Lachisanu ali m'ndege. Iwe Lachisanu udzakhala kuti, nkhalamba iwe?"

Komabe anatola mafilimuwo n'kuwalowetsa pakati pa zikopa zimene anaziunjika pansi pa benchi yake.

Lachitatu amuna aja anafikadi ku ekisireyi, ndipo bambo wa makiyi anabwera nawo. Anakhuthula mashelefu onse pansi. Envulopu ya mayi wa chifuwa chachikulu anaitsegula, anasuzumiramo, n'kuiponya pamulu. Kenaka bamboyo anatsegula bokosi la mafilimu osajambula n'kuyamba kuwawerenga ndi chala, pang'onopang'ono, kuwala kukuwawononga onse iye osalabadira. Atamaliza anayang'ana m'buku lolembamo odwala.

"Akusowa anayi, Doña."

"Ena amawonongeka potsuka. Makinawa ndi akale kuposa inu."

"Owonongekawo ali kuti?"

"Kudzala. Ndikanadziwa kuti muwafuna, ndikanakusungirani."

Bamboyo anamwetulira, n'kutseka bukulo mofatsa.

"Mumakhala kuseri kwa sukulu ya asisitere, nyumba yobiriwira ija, eti? Amuna anu ali ndi dzanja labwino. Ndidzabwera adzandiyeze phazi."

Atatuluka, Chilo analowa m'kachipinda kamdima n'kusanza m'sinki. Kenaka anasamba kukamwa n'kuitana wodwala wotsatira, mayi wina wobinya chala, ndipo anamujambula dzanja lolakwika.

Lachinayi m'mawa anatumiza uthenga kuti msana wamugwira. Pamene ankatenga lamba kuti amange, Nicasio anamulanda.

"Siya zimenezo. Umayenda ngati chidole, aliyense adziwa."

Anali atakulunga kale mafilimu m'kati mwa mpukutu wa chikopa cha ng'ombe n'kumanga ndi chingwe. Kumutu anali ndi chipewa chake cha Lamlungu.

"Nanga iwe ukupita kuti?" anafunsa Chilo.

"Kokagulitsa chikopa. Ngati tikulowera njira imodzi, si mlandu wanga."

Pa holo ya parishi mzere unali utatuluka pageti mpaka kukhota pakona. Ambiri anali amayi, ena atanyamula zithunzi za ana awo, wina malaya a magazi m'jumbo. Tsidya la msewu panaima njinga zamoto zisanu ndi imodzi. Okwerapo sanavule zipewa zawo za magalasi akuda. Ankangokweza mafoni, kujambula nkhope imodziimodzi. Anthu ena akafika pakona n'kuona zimenezo, ankapitirira ngati akupita kumsika.

Chilo nayenso anapitirira. Anakafika mpaka pa famase, anagula mankhwala a mutu amene sankawafuna, n'kuima pakhomo. Nicasio anangosinthira chikopa paphewa lina.

"Tibwerere?" anafunsa patapita kanthawi. "Ine sindikunyoza ayi. Mbaula ikadalipo."

Pamenepo m'pamene Chilo anaona Yelba pamzere, ali yekha, manja ali lende, wopanda chonyamula chilichonse. Anawoloka msewu asanasinthe maganizo.

"Yelba."

Mkaziyo anatembenuka. "Mwabwera kudzandiuza kuti ndisainenso pati?"

"Lolemba ndinakunamiza. Ndinaona. Ndili nacho pano."

Yelba anayang'ana Chilo, anayang'ana chikopa cha Nicasio. Kenaka anasendera kumbuyo kuti awiriwo aime patsogolo pake. Tsidya lija foni ina inakwezedwa, ndipo Chilo anaiona ikumulondola. Anafuna kubisa nkhope ndi chikwama, koma anadziwa kuti wachedwa nazo.

Anadikira maola atatu padzuwa. Chapakati Nicasio anayamba kunjenjemera ndi kutuluka thukuta lozizira, ndipo mayi wina wamzerewo anamupatsa siwiti ziwiri osafunsa kanthu. Nthawi iliyonse njinga imodzi ikalizidwa, mzere wonse unkadzidzimuka ngati munthu mmodzi.

M'holomo munali matebulo anayi. Atatuwo anawakhazika kwa loya wina wamkazi waimvi, wolankhula Chisipanishi cha dziko lina, amene anati dzina lake ndi Amparo. Nicasio atamasula chikopa, loyayo anaimirira n'kukaitana mnzake, dokotala woyeza mitembo, bambo wamfupi wa magalasi ochindikala. Dokotalayo anatenga filimu ya Fanor n'kupita nayo pawindo. Anaiyang'ana nthawi yaitali moti Chilo anayamba kuopa kuti mwina thukuta linaiwononga.

"Anajambula ndani?" anafunsa dokotalayo.

"Ine."

"Munajambula bwino." Analoza ndi cholembera. "Chipolopolo chinalowera apa, pamwamba, n'kutsika chotere. Si cha mfuti yaing'ono ichi, ndipo sichinagunde kaye khoma kapena pansi. Wowomberayo anali pamalo okwera. Pafupi ndi pamene anagwera pali nyumba yaitali?"

"Denga la bwalo la mpira," anatero Yelba. "Anthu anaona apolisi pamenepo kuyambira m'mawa."

"Amuna anu anali ndi chida chilichonse?" anafunsa Amparo.

"Botolo la madzi. Ankasukusula agogo ena amene utsi unawalowa m'maso."

Amparo analemba zonse, ndi za geti lotsekedwa, ndi za pepala la kumochale. Atamaliza anavula magalasi.

"Dziko lanu linasainira mapangano pamodzi ndi mayiko ena," anatero. "Mapanganowo amati wapolisi angawombere mpaka kupha pokhapokha ngati moyo wa munthu uli pangozi nthawi yomweyo, ndipo palibenso njira ina youpulumutsira. Osati pofuna kubalalitsa gulu. Kutsekera ovulala kunja kwa chipatala nakonso n'kuphwanya ufulu wawo. Pepala limene munasaina mokakamizidwa, mayi, kwa ife silitseka nkhani."

"Ndiye muwamanga liti?" anafunsa Nicasio.

"Ife sitimanga, bambo. Tilibe apolisi, tilibe ndende. Timalemba zimene zinachitika, pamodzi ndi umboni wake. Milandu ina imatenga zaka khumi, ina makumi awiri. Ina siifika n'komwe kukhoti. Sindingakunamizeni."

"Ndinakuuza," Nicasio anatero kwa mkazi wake, koma sanadzuke pampando.

"Pali chinanso, Doña Auxiliadora," anapitiriza loyayo. "Chithunzi chopanda mwini adzati n'chopeka, kapena n'cha dziko lina. Chimalimba ngati wojambulayo wanena kuti ndinajambula ndine, tsiku lakuti, pa makina akuti. Dzina lanu tingathe kulibisa m'lipoti. Ganizani kaye, palibe akukukakamizani."

Chilo anangozindukira waseka, kuseka kwachilendo kumene kunatembenuza anthu a patebulo lina.

"Mubisa chiyani, mayi? Chipatala chonse chija wojambula ndine ndekha. Ndi agalu omwe akudziwa." Anapukuta zikhatho pasiketi. "Nanga mungatiteteze?"

"Tidzalembera boma kulipempha kuti likutetezeni."

"Boma lomweli?"

"Lomweli."

Chilo anayang'ana Nicasio. Iye ankayang'ana chipewa chake, akuchizunguliza pamawondo.

"Lemba dzina lonse," anatero Nicasio osadzutsa mutu. "Usalembe Chilo, adzati ndi wina."

Siginecha yoyamba ya Chilo sinafanane ndi ya pa chitupa, ndipo anachita kusainanso kachiwiri pansi pake.

Lolemba lotsatira sanamulole kudutsa geti. Anamupatsa kalata ya mizere itatu yonena kuti ntchito yatha, chifukwa chake osalemba. Gawuni lake ndi kapu yake ya khofi zinatsalira m'katimo. M'mawa mwake anapeza khoma la nyumba yawo litalembedwa ndi penti yofiira kuti ZIGAWENGA. Nicasio analipaka laimu, koma patatha masiku awiri analembanso. Amene ankabweretsa nsapato anayamba kudutsa tsidya lina la msewu. Amparo anasunga mawu ake: kalata yopempha chitetezo inapitadi ku boma, ndipo kope lake linawafika. Chilo analiika m'kabati, pansi pa mbale.

Patatha milungu itatu namwino amene anamuchenjeza uja anafika pakhomo atanyamula mazira ngati wogulitsa. Ananong'ona kuti waona dzina la Chilo pa pepala lina la anthu oti agwidwe patebulo la Dokotala Zeledón, pansi pa dzina la dokotala wachinyamata uja, ndipo mkuluyo anachita kulisiya poonekera n'kutuluka panja. Masana a tsiku lomwelo Chilo ndi Nicasio anakwera basi yolowera kumwera, ndi chikwama chimodzi, bokosi la zida za Nicasio, ndi jakisoni wa masiku khumi m'fulasiki ya ayezi. Nyumba anasiyira Ligia, mng'ono wake wa Chilo, amene anakanitsitsa kuchoka ati nkhuku zake azisiyira ndani. Malire anadutsa wapansi, m'munda wa malalanje, Nicasio akupumira pa mtengo uliwonse.

Lipoti la alendo aja linatuluka patatha miyezi isanu ndi iwiri. Za Fanor zinali ndime imodzi, ndi chithunzi chake chaching'ono ngati chikhatho. Boma linati zonsezo n'zabodza, ndipo silinawalolenso kulowa m'dziko. Palibe amene anazengedwa mlandu. Dokotala wachinyamata anamutulutsa patatha chaka, ataonda, ndipo sanabwererenso ku ntchito. Yelba anatsegulanso shopu yometera n'kuphunzira yekha kugwira makina.

Tsidya la malire Chilo anapeza ntchito kwa dokotala wa ziweto, kujambula agalu othyoka miyendo. Lamlungu lililonse akachoka ku Misa ankaimbira Ligia. Ankakamba za mvula, za nkhuku, za kukwera kwa nyemba, osapitirira apo, poti onse ankadziwa kuti pafoni samvera awiri okha. Ligia ankayankha isanalire katatu.

Lamlungu lina foni inalira mpaka kuduka. Chilo anaimbanso, n'kudukanso. Nicasio anasiya nsapato imene ankasoka n'kudzaima pambali pake. Kachitatu foni inamupulumuka m'manja, ndipo anaitola Nicasio n'kumuimbira. Inalira kasanu, kasanu ndi kamodzi. Kenaka kunamveka mawu a munthu wawefuwefu.

"Ndinali kuseri, Chilo. Tambala wa aneba analowa m'khola, ndimamuthamangitsa. Kwagwanji?"

"Palibe," anatero Chilo. Anakhala pansi penipeni, pasimenti, n'kutsamira khoma. "Palibe. Kumeneko mvula yagwa?"